Nkhuku Yopepesera Trevor

Thamesmead, London
8 Okutobala 2023

Okondedwa amake Bea,

Landirani moni wochokera kuno kozizira. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Beatrice, ndiponso kuti chifuwa cha amayi chija chinapola. Ine ndili bwino, ndikudya, ndikugona, kungoti bedi la kuno analipangira anthu wamba. Mapazi anga amagona kunja kwa bulangete ngati alonda.

Musadabwe kuti ndalemba papepala n'kujambula m'malo moimba. Netiweki ya ku Matawale imatidula nkhani isanapse, komanso inuyo pafoni mumandipanikiza ndi mafunso ngati wapolisi. Papepala palibe wondidula mawu.

Basiketibo ikuyenda. Tasewera katatu ndipo tapambana konse. Ntchito yanga ndi yomwe ija ndinkagwira ku Maputo: kuima pansi pa mphete, kutchinga aliyense wobwera kudzaponya, ndi kutola mpira ukadunda. Mnzanga weniweni ndi kaputeni wathu Trevor. Iye anabadwira konkuno, koma mayi ake, mayi Spiwe, ndi a ku Zimbabwe, ndipo bambo awo a mayiwo anali mtchona wa ku Ntcheu amene anapita kukalima fodya m'mafamu osabwereranso. Trevor Chichewa amamva bwinobwino, koma akati ayankhe chimatuluka chizungu.

Tili ndi kachinsinsi kathu awiri. Lamulo la kochi ndi lakuti munthu amene ukumulonda asakudutse, ndipo akakhala waliwiro ine ndizichoka pansi pa mphete kuthamangira kunja kukathandiza. Koma ine ndikaona kuti ndaima bwino ndimangokuwa kuti, “Msiye!” Trevor amapatuka dala, munthu uja amalowa akudziona ngati dolo, kenaka amakumana ndi dzanja langa. Adani samva, kochi naye samva, amangoti Biswick akudzilimbitsa mtima m'chiyankhulo chakwawo. Dzulo ndinatchinga kasanu motero.

Pali mwambo wina umene wandiseketsa. Lolemba lililonse timakhala m'chipinda kuonera vidiyo ya masewero athu. Akuti tsiku lomwe tagonja, kochi asanayatse kanemayo, aliyense wodziwa kuti analakwitsa amaimirira yekha n'kunena kuti wolakwa ndine, n'kutchula pomwe analakwapo. Sindinazionebe poti sitinagonje. Ndinamuuza Trevor kuti kwathu munthu akavomera mlandu amadziwa kuti mbuzi yapita, pomwe kuno amavomera n'kukhala pansi kumwa madzi.

Tsopano mumvetse. Kontirakiti yanga ndi ya chaka chimodzi ndipo viza yanga yamangidwa pa iyo. Mu Febuluwale akuluakulu a timu adzasankha omwe awawonjezere. Akandiwonjezera, inu ndi Bea mukubwera kuno mu Julayi. Yambanipo za mapasipoti, mukudziwa mmene amachedwera. Pa kandalama ndatumizako muchotsepo ya malata a kukhitchini mvula isanatipeze.

Mumuuze Bea kuti kuno basi zili ndi nyumba yapamwamba, ndipo bambo ake amakhala kumwambako, mpando wakutsogolo, tsiku lililonse. Dera lathu sitima sifikako, ndiye basi ndi moyo wathu. Dzulo ndinatera molakwika pang'ono nditadumpha, koma si kanthu, ndaikapo ayezi.

Ndine wanu,
Biswick

Thamesmead
12 Novembala 2023

Amake Bea,

Muli bwanji kumeneko? Zithunzi za malata ndaziona, mmisiriyo wagwira bwino ngakhale mzere wakumanzere wapendama. Ine ndili bwino. Kuno folo koloko kwada kale, munthu umadya chamasana ukuyatsa magetsi.

Ndamva kuti kwacha yagwa ndipo shuga wakwera mtengo kawiri sabata imodzi. Musadikire Khirisimasi, gulani mafuta ndi sopo panopa. Feteleza wa amayi mutenge matumba awiri.

Tagonja kawiri motsatizana, ndiye mwambo uja ndauona ndi maso. Si woseketsa monga ndinkaganizira. Chipinda chimakhala zii, amuna khumi ndi awiri aataliatali atazyolika, kochi ataima pakhomo ndi rimoti m'manja. Woyamba kuimirira anali Trevor. Ananena kuti munthu wake anamudutsa kanayi m'gawo lomaliza, wolakwa ndi iye, akonza. Mawu ake anali ochepa ndipo sanayang'ane munthu. Anaimiriranso ena awiri, wina wa kuponya mophonya, wina wa kukangana ndi oimbira. Kanema atayatsa zinaoneka momwemo, Trevor akupatuka ngati akutsegulira mlendo chitseko. Kanema wa kochi alibe mawu.

Ine sindinaimirire. Ndinachedwa sitepe imodzi basi, ndipo sitepe imodzi aliyense amachedwa.

Tili ndi mayi wina wotikita minofu, dzina lake Mwila, wa ku Lusaka. Lachinayi anandiimitsa m'khonde akuti, “Ba Biswick, muyenda monga madala. Bwelani pa tebulo nikuoneni.” Ndinamuuza kuti ndi nsapato zatsopano. Mayi ameneyu ali ndi maso ngati anu, ndiye ndikumuzemba.

Mukapita kwa amayi muwafunse dzina la mtengo uja ankathowera nawo mwendo wa abambo. Pali mnzanga wina akufuna kudziwa. Kwa Bea musanene kuti ndasiya kukwera pamwamba pa basi, kumwambako kwayamba kundizunguza mutu.

Wanu,
Biswick

Thamesmead
10 Disembala 2023

Amake Bea,

Moni nonse. Ndasangalala kuti Bea wakhoza nambala 3. Mumugulire nsapato zija amalirira, koma zikhale zokulirapo, mwana ameneyu watengera mapazi a bambo ake. Ine thupi lili bwino.

Mwandifunsa za nsalu yakuda imene munaiona pabondo langa pomwe mumaonera masewero pafoni ya achimwene anu. Imeneyo ndi fashoni ya kuno, theka la timu limavala. Mwafunsanso dzina la mnzanga wofuna mankhwala uja. Simukumudziwa. Inu mukanakhala loya bwenzi ndende zitadzaza.

Pa masewero asanu ndi limodzi apitawa tapambana kamodzi. Ochemerera atembenukira Trevor. Pa intaneti akumutcha mlonda wogona, ena akuti wakalamba apite akaphunzitse ana. Ali ndi zaka 33, ndipo pa msinkhu umenewu timu ikakutaya palibe ina yokutola. Lolemba lililonse akuimirira. Kwangotsala kuti mpando wake auchotse poti saukhalira.

Lero ndinapita naye ku Tottenham, kutchalitchi cha mayi ake, kenaka kunyumba kwawo. Ulendo wake ndi basi, sitima, sitima inanso. Mayi Spiwe amagwira ntchito yosamalira nkhalamba ndipo Chichewa chawo ndi cha m'mafamu, chosakanikirana ndi Chishona, koma chimakoma. Anandifunsa za Ntcheu ngati ndimadziwa nyumba iliyonse, ine wa ku Zomba. Anaphika mpunga ndi nyemba, n'kundiikira mbale yodzaza akuti mwana wakwathu asaonde m'manja mwawo. Akupempherera chakudya anatchula dzina langa, akuthokoza Mulungu kuti mwana wawo wapeza mbale pantchito. Mpunga umenewo unandikanika kummero, amake Bea.

Pobwerera m'sitima ndinafuna kuyamba nkhani. Trevor anali atatseka maso, mahedifoni m'makutu, ndiye ndinaisiya.

Mudziwe kuti zonse ndikuchita kuno ndikuchitira inu ndi mwanayo. Febuluwale sali patali. Munthu akapirira miyezi iwiri yokha, zina zidzakonzeka pambuyo. Za mapasipoti zafika pati? Makina anu osokera musayambe mwatsatsa, tidzagulitsa matikiti akatsimikizika.

Ndine,
Biswick

Thamesmead
7 Januwale 2024

Amake Bea,

Chaka chabwino kwa nonse. Pepani kuti pa Khirisimasi ndinadula foni msanga, kunali phokoso. Ndamva kuti mvula yadula ndipo chimanga cha amayi chayamba kufota. Tizipemphera. Ine ndilipo.

Trevor amulanda ukaputeni. Kochi ananena pamaso pa tonse kuti ndi zongofuna kumupeputsa katundu, koma mphekesera ili ponseponse kuti mwezi uno ukatha amuchotsa, abweretsa mnyamata wa ku America. Tsiku limenelo Trevor anatisiya tonse m'chipinda chovalira, anapita kukaponya mipira yekha.

Ndichite kukuuzani zimene ndachita dzulo, museke ngati mukufuna. Ndinapita ku Tottenham, ndinalowa m'sitolo ya zakudya zakwathu, ndinagula nkhuku. Yamoyo kuno simungaipeze. Ndinasankha yolimba ija ngati yachikuda, youma gwaa ndi ayezi, yaikulu kuposa zonse. Mukukumbukira abambo atathyola mpanda wa a Chikaonda ndi ngolo, mmene anapitira m'mawa ndi tambala kukhwapa? Ine ndinakulira zimenezo. Munthu sapepesa chimanjamanja.

Nditafika kwa mayi Spiwe, anatsegula chitseko ndi Trevor. Ndinagwada pakhomo pomwepo, nkhuku m'manja awiri. Mwana wobadwira ku London anangoti kukamwa yasa, kenaka anaseka mpaka kugwira khoma, akufunsa ngati ndabwera kudzamufunsira ukwati. Anatulutsa foni kuti andijambule. Koma mayi Spiwe atatuluka kukhitchini sanaseke. Anamulanda foniyo, anandiyang'ana ine, anayang'ana nkhuku.

“Mwamulakwira chiyani mwana wanga?”

Ndinati ndi ya chaka chatsopano chabe.

“Chaka chatsopano sachigwadira,” anatero. “Bambo anga anandiphunzitsa kuti nkhuku ya mlandu sidyedwa mlandu usanatchulidwe. Ndiisunga mu firiza. Tsiku lomwe mudzapeze pakamwa, mudzandiuze ndiitulutse.”

Anailandira ndi manja awiri, mwaulemu wake, n'kulowa nayo. Podzuka pamene ndinagwadapo ndinachita kugwira felemu la chitseko, ndipo ndinatenga nthawi. Mayiwo anali atabwerera, anaona zonse. Anangondikokera mpando wautali m'malo mwa sofa. Trevor naye anali atasiya kuseka.

Tiyi ndinamwa, koma sindikudziwa ngati munali shuga. Ndinkaganiza kuti ndikapereka nkhukuyo mtima upepuka. Ndabwerako wolemedwa kuposa mmene ndinapitira.

Fizi ya Bea mulipire teremu yonse, musadule pakati.

Biswick

Thamesmead
21 Januwale 2024

Effie,

Mkazi wanga, sindiyamba ndi kunena kuti ndili bwino, chifukwa mwandiuza kuti mukawerenganso mawu amenewo musiya kutsegula makalata anga. Mwafunsa funso lomwe anafunsa mayi Spiwe. Inu ndikuyankhani.

Bondo lakumanja linavulala tsiku lija la mu Okutobala. Limatupa masewero alionse, ndipo m'mawa ndimatsika masitepe chammbali ngati nkhanu. Mnzanga wofuna mankhwala uja ndine. Ndikumwa mapilitsi opha ululu ogula ndekha, Mwila sakudziwa. Kuthamanga molunjika ndimatha, koma kutembenuka msanga kapena kutuluka kunja kukathandiza monga amafunira kochi, sindingathe. Ndikatuluka aliyense aona kuti ndine wolumala.

Ndiye ndimakuwa kuti msiye. Kale ndinkakuwa chifukwa ndaima bwino. Panopa ndimakuwa kuti ndisachoke pamene ndaima. Trevor amapatuka, munthu amalowa, ine ndimafika mpira utadutsa kale. Pakanema amaoneka ndi Trevor. Miyezi itatu mnzanga wakhala akuimirira Lolemba lililonse kusenza katundu wanga, ine nditakhala pambali pake ndikuyang'ana zingwe za nsapato.

Lachisanu ndinalumbira kuti sindikuwanso. Gawo loyamba ndinatseka pakamwa n'kumatuluka monga mwa lamulo. Kamnyamata kena kofika m'chiuno mwangamu kanandizungulira katatu ngati mtengo wa magetsi, ndipo ndinaona kochi akulemba m'kabuku kake. Mantha anandigwira. Gawo lachiwiri ndinamva pakamwa panga pakukuwa pokha. Tinagonja ndi mapointi anayi.

Trevor amuuza kuti masewero a Loweruka likudzali ndi omaliza kumuyesa. Ndikakhala chete, iye apita, ine mwina ndikwawa mpaka Febuluwale n'kusaina, inu n'kubwera, bondo n'kudzalionetsa pambuyo. Ndikayankhula, palibe timu yowonjezera kontirakiti kwa munthu wa bondo lotha amenenso anabisa. Mapasipoti mwavutikira aja adzangogona m'sutikesi. Ndimaganiza za Bea atakhala pampando wakutsogolo pamwamba pa basi, ndiye ndimati ndikhale chete. Kenaka ndimakumbukira kuti ku Tottenham kuli nkhuku mu firiza.

Ndili ndi manyazi, Effie, ndipo ndili ndi mantha. Sindikudziwa chachikulu n'chiti.

Biswick

Thamesmead
30 Januwale 2024

Amake Bea,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Uthenga wanu wamawu ndinaumvera kambirimbiri ngakhale ndi waufupi. Munati inu munakwatiwa ku Matawale osati ku London, ndipo simukufuna kudzagona m'nyumba yomangidwa pamsana pa mwana wa eni. Munatinso za bodza limene ndakunamizani miyezi inayi tidzakambirana pamaso. Mbali yachiwiriyi ndi imene ikundisowetsa tulo.

Loweruka tinagonjanso. Musafunse ngati ndinakuwa. Ndinakuwa kawiri.

Dzulo linali Lolemba. Tinalowa m'chipinda chija, kochi pakhomo ndi rimoti yake. Ndinaona Trevor akugwira mawondo kuti adzuke, ndiye ndinamugwira phewa n'kumukhazika pansi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kudzuka kwanga kunatenga nthawi, mpando unalira, onse anatembenuka chifukwa chiyambire sanandionepo nditaima m'chipinda chimenecho.

Chizungu chimene ndinakonza m'basi chinathawa chonse. Ndinangoti wolakwa ndine, osati Loweruka lokha koma kuyambira Novembala. Ndinapempha kochi kuti ayatse kanema wa pa intaneti, wokhala ndi mawu uja, osati wake. Tinamvera tonse. Paliponse pamene Trevor wapatuka, patsogolo pake pamamveka liwu langa. Ndinawamasulira tanthauzo lake. Kenaka ndinavula nsalu yakuda ija n'kuwaonetsa bondo, linali ngati papaya.

Kochi anafiira mpaka m'khosi. Anandifunsa ngati ndikudziwa kuti ndadyetsa timu masewero angati, ndinati ndikudziwa. Anafunsa chifukwa chake sindinapite kwa Mwila, ndinati ndinkaopa kubwerera kwathu. Kenaka anati nditsike pompo Mwila akandione.

Ndisanatuluke Trevor anaimirira ndithu. Ndinaganiza kuti anditukwana, ndipo ndikanalandira. Iye anauza kochi kuti bondolo analidziwa kuyambira Novembala, poti amandiona ndikukwera basi. Anati ankamva kukuwa kwanga akudziwa kuti sindifika, koma ankapatukabe kuti ndisatuluke kunja anthu n'kundiona, chifukwa ndinamuonetsa chithunzi cha Bea. Anati anali kaputeni, anasankha munthu mmodzi m'malo mwa timu, ndiye Malolemba onse aja sankanama, mbali yake ya mlandu inali yakedi.

Amake Bea, ine ndinkayesa kuti ndikumubera mnzanga mumdima, osadziwa kuti mwini wake akuona n'kumandisiyira chitseko chotsegula. Zimenezi zandipweteka kuposa bondo.

Panja Trevor anandikalipira. Akuti miyezi itatu watukwanidwa kuti ine ndifike Febuluwale, ndiye ndataya zonse kutatsala milungu iwiri. Ndinamuyankha m'Chichewa kuti mlandu suola. Sindikudziwa ngati mwambiwo anaumva, anangondimenya pachifuwa ndi chibakera, osati mwamphamvu, n'kumapita.

Mwila sanandinyoze. Anagwira bondo, analipinda, ine ndinaluma thaulo. Anangoti, “Mwamuna mukulu so, kuyopa tebulo.” Lachinayi ndikupita kukajambulitsa kuchipatala. Amayi musawauze kaye.

Wanu,
Biswick

Thamesmead
25 Febuluwale 2024

Okondedwa amake Bea,

Moni kwa inu, kwa Bea ndi kwa amayi. Papita milungu inayi ndisanalembe, ndinkadikira kuti ndikhale ndi zoona zokhazokha zolemba. Ndili moyo, ndikuyenda ndi ndodo ziwiri, ululu ukuchepa.

Anapeza kuti mnofu wa m'kati mwa bondo unang'ambika, ndipo posewera nawo miyezi yonseyi ndinauwonjezera. Opaleshoni anachita pa 13, timu ndiyo yalipira, pamenepo sindingawanenere zoipa. Dokotala akuti kuyenda ndidzayenda bwinobwino, za kudumpha tidzaona chaka chikatha. Kontirakiti sawonjezera. Anandiitana mu ofesi, anandipatsa khofi, anandiyamikira kuti ndine munthu woona mtima, kenaka anandiuza tsiku la ndege. Ndikutera ku Chileka pa 6 Epulo.

Makina osokera musagulitse. Bea apitirize pasukulu pomwepo, ndipo za London ndidzamuuza ndekha, musandiyambire. Mapasipoti muwaike m'pulasitiki muwasunge pouma, amagwira ntchito zaka khumi. Mufunse aphunzitsi aakulu a kusekondale kuja ngati bwalo lawo likadali ndi mphete zonse ziwiri, mwina angafune munthu wophunzitsa ana.

Trevor sanamuchotse. Ukaputeni sanamubwezere, ndipo za chaka chamawa sanamulonjeze, koma akusewera ndipo munthu sakumudutsanso. Ndisakunamizeni kuti timu yayamba kupambana chifukwa ine ndinaimirira. Apambana kawiri, agonja kawiri. Lolemba ndimapitabe kukakhala nawo ndi ndodo zanga. Sabata yatha mnyamata amene watenga malo anga anaimirira n'kunena kuti chala chake chakhala chikupweteka masiku khumi ndipo amabisa. Kochi anandiyang'ana ine, sindikudziwa ngati mothokoza kapena modandaula.

Lero Trevor anabwera ndi galimoto kudzanditenga, akuti mayi akufuna. Nditafika mayi Spiwe anandikhazika pampando wautali uja, anaitana mwana wawo kuti akhale patsogolo panga, iwo anaima pakati. Anati zakuntchito anamva, koma zimenezo zinali za kochi, nkhuku inabwera pakhomo pawo ndiye mlandu utchulidwe pakhomo pawo. Ndinautchula wonse, m'Chichewa, osasiyako. Anafunsa Trevor ngati walandira. Mwana uja anayesetsa mpaka anatulutsa liwu limodzi lakwathu, lopindikapindika, “Ndalandira.” Mayiwo anapukuta m'maso ndi nsonga ya epuloni, n'kunena kuti nkhukuyo anaitulutsa kale dzulo, yakhala pamoto kuyambira m'mawa chifukwa ndinasankha nkhalamba.

Inali yolimbadi, tinachita kulimbana nayo. Nthutumba anaika m'mbale ya Trevor poti ndiye wolakwiridwa. Iye zam'kati sadya, ndiye mayi ake atatembenuka anaiponya m'mbale mwanga. Ndinadya, ndipo ulendo uno chakudya chinatsika.

Mtima ukundiwawa, amake Bea, sindibisa. Ndinalonjeza mwana basi yapamwamba, ndikumubweretsera bambo wotsimphina. Ndinkafuna mudzaone mtsinje wa kuno madzi akaphwa, ndi masitolo a ku Woolwich kumene nsalu zake mukanazikonda. Zonsezo ndazitaya ndekha, osati pa 29 Januwale pamene ndinaimirira, koma mu Okutobala pamene ndinakulemberani kuti si kanthu.

Tsono pa 6 Epulo musavutike kubwera ku Chileka, achimwene anu adzanditenga. Musaphikenso ndiwo. Ndidzayamba ndatsikira pamsika wa Zomba, chifukwa pali mlandu wina umene sunatchulidwe, ndipo kumeneko nkhuku zamoyo zimapezeka. Mukadzamva kugogoda mudzatsegule nokha, musatume Bea. Dokotala waletsa kupinda bondo lakumanjali mpaka Meyi, ndiye ndidzagwada ndi lakumanzere. Mukadzailandira, mudzandigwire dzanja podzuka.

Ndine mwamuna wanu,
Biswick